Alamu Anga Oyankhulira Mbava za Panyanja

Kwathu kuno, kuseri kwa Nachisaka, madzi aakulu amene tinawaonapo ndi a m'dzenje limene tinakumba poumba njerwa za tchalitchi, ndipo nawonso pofika Seputembala amakhala ataphwa. Koma mufunse mwana aliyense wa m'mudzi muno za mbava za panyanja, akuuzani zipewa zimene zimavala, nyimbo zimene zimaimba pokoka zingwe, ndi mmene zimakwiririra chuma mumchenga, ngati kuti ndi abale a bambo ake. Maphunziro apamwamba amenewa tinawalandira kwa munthu mmodzi, alamu anga a Festus, amene nyanja anangoimva kwa ogulitsa usipa ngati ife tomwe.

A Festus anatsika m'mapiri a Ntchisi pa njinga yopanda mabuleki kudzakwatira mng'ono wanga Rebeka, mwana wa amayi aang'ono. Anakhala pachikamwini monga mwa mwambo wathu: mwamuna amasiya kwawo n'kudzamanga nyumba kwa mkazi, pamalo pamene eni mudzi amulozera. Mkamwini amene timamufuna ife ndi wa msana wolimba ndi pakamwa potseka. A Festus Mulungu anawapatsa zinthu ziwirizi mosemphanitsa. Khasu ankaligwira ngati likuotcha. Chaka chimene anayesa kulima fodya, masamba ake anauma mwa mtundu wina, moti ngakhale ogula a m'mbali mwa msewu, amene sakana kanthu, anachita kufunsa ngati anali fodya kapena mfutso.

Chigafa chimene anamangira fodyayo ndicho chinawapulumutsa. Anachitchinga ndi matumba a feteleza ndi mapepala akuda a pulasitiki kuti muzikhala mdima masana, anapeza sola, batire ndi wailesi yakanema yakale ya chimimba kumbuyo ija, n'kuyamba kuonetsa mafilimu. Zaka zoyambazo ankaonetsa za karate, ndi zina zimene azungu amapsompsonana asanatseke chitseko. Ana anayamba kuponyerana mateche pamjigo. Achimwene athu a Yeremiya, amene ali mwinimbumba wathu komanso mkulu wa mpingo, anainyamula nkhaniyo, ndipo a Festus anadulidwa mumpingo miyezi isanu ndi umodzi. Anthu amene ankadzaza chigafa Loweruka ndi omwewo anagwedeza mitu Lamulungu kuvomereza kuti chilangocho chinali choyenera. Ine ndinali m'gulu lomwelo. Thobwa langa ndinkagulitsira pakhomo pa chigafacho, ndipo pa benchi la amayi m'tchalitchi ndinkakhala kutsogolo.

Kenaka kunabwera filimu ya mbava za panyanja zija. Anaibweretsa mtsikana wina wa mudzi wa kutsidya amene ankalera ana a azungu ku Lilongwe. Anati ndi ya ku Norway, dziko lozizira kuposa Dowa mwezi wa Juni, ndipo ana a abwana ake ankaionera mpaka kuiloweza. A Festus, poti anali atangobwezedwa kumene mumpingo, anapempha a Yeremiya kuti ayambe aiona okha.

A Yeremiya anabwera ndi magalasi awo, anakhala pa benchi pafupifupi maola awiri akusaka tchimo. Anapeza amuna a ndevu ndi zipewa zikuluzikulu, malupanga ogundana mosalekeza koma osatulutsa ngakhale dontho la magazi, kamtsikana kolimba mtima kamene kanakwera chombo cha mbavazo, bokosi la chuma, ndi nyimbo zambirimbiri. Akazi onse anali ovala mpaka m'khosi, kaya n'chifukwa cha mwambo kaya kuzizira komweko. Woipa akagonja ankangogwera m'madzi n'kuvuuka akutsokomola. A Yeremiya anatuluka okhumudwa ngati mlenje wobwera chimanjamanja. Anagamula kuti nkhaniyo ndi ya akuba inde, koma akubawo ndi aulemu kuposa anthu ena amene amadya nawo mgonero.

Chigafa chinadzaza kuposa kale. Kunabwera amayi a chigwirizano, kunabwera nkhalamba zimene zinkati kanema ndi galasi la Satana, kunabwera makanda kumsana. Inali filimu yoyamba imene mkamwini ankatha kuonera m'chipinda chimodzi ndi apongozi ake popanda wina woyang'ana pansi. Ana ankakonda malupanga. Amuna ankakonda kuona anzawo akukhala moyo wopanda munda wopalira. Ife amayi tinkangodabwa madzi ochuluka chonchija popanda munthu mmodzi wotunga.

Vuto linali limodzi. Azungu a m'filimuyo sankayankhula Chingerezi. Aphunzitsi a pasukulu yathu anatchera khutu kwa nthawi yaitali, n'kunena kuti chimenechi n'Chingerezi cha kutali kwambiri, chimene sichinali pa mayeso awo. A Festus, amene sukulu anasiyira sitandade faifi, anati pamenepo palibe vuto. Anapeza kachimkuzamawu ka batire, konga kaja amagulitsira mankhwala a makoswe pamsika, anakhala pampando pambali pa kanema, anatsitsa mawu a azungu, n'kuyamba kuwayankhulira.

Masabata oyamba azunguwo ankanena zoyenera azungu a panyanja: kokani chingwe, mphepo yasintha, chuma chili uko. Koma pakamwa pa a Festus sipakanatha kukhala ndi njala nthawi yaitali. Posakhalitsa kapitawo wa chombo, wandevu ndi wokonda kufuula uja, anayamba kuyankhula ngati munthu wina amene tinkamudziwa. Ankapemphera pemphero lalitali pamaliro mpaka ofedwa kuyamba kuyasamula. Poyeza malire a munda ankaponda mapazi aatali mbali yake ndi aafupi mbali ya mlongo wake. Dzina silinatchulidwe, ndipo panalibe wofunika kumutchulira. Mbava yopusa imene inkagwera m'madzi kawirikawiri inkasintha sabata ndi sabata: lero ndi amene anagwidwa ndi nkhuku ya mwini pansi pa jekete, sabata yamawa ndi amene anagulitsa feteleza wa mkazi wake n'kunamizira chiswe. Filimu inali imodzi yomweyo, tinaionera mwina kokwana zana, koma nkhani sinabwerezedwepo.

Tinkaseka mpaka kugwira nthiti, chifukwa nkhani ya mnzako imakoma. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma mwambi umenewu aliyense amauloweza kuti akauze ena. Langa tsiku linafika Loweruka lina la mwezi wa Okutobala. Wophika wa m'chombo, chimunthu chonenepa chokhala ndi chipande m'manja, anatsamira pa mphika n'kunena ndi mawu a a Festus kuti: "Thirani madzi, anthu awa thobwa salidziwa, thiraninso." Chigafa chonse chinatembenukira kukhomo kumene ndinaima ndi ndowa yanga. Ndinaseka nawo, koma ndi mano okha. Madzi ndinkathiradi, kutentha kwa Okutobala mukukudziwa, koma si nkhani yoti ikanenedwe ndi mzungu pamaso pa ana.

Panalibe wokadandaula, chifukwa wodandaula akanakhala kuti wavomera. Zimene mkamwini saloledwa kunena pabwalo, mzungu wa pakanema ankanena momasuka, ndipo mzungu sungamutengere kwa ankhoswe. A Yeremiya ankabwerabe Loweruka lililonse n'kukhala pa benchi loyamba, ati kuyang'anira kuti ana asaone zoipa. Sanasekepo, sanakwiyepo. Ankangopukuta magalasi awo. Ndi anthu amene amadziwa kuti mlandu suola.

Rebeka ankawachenjeza amuna ake kuti mkamwini asamakule mwendo. Iwo ankayankha kuti iwo alibe mlandu, amangomasulira zimene azungu anena. Rebeka ankabisa kuseka m'chitenje n'kuwasiya. Sanadziwe a Festus kuti mpanda wawo wonse pamudzi pano unali mkazi ameneyu.

Mwana anali ndi mmodzi, Luckness, amene anabadwa banja litadikira zaka zisanu ndi zitatu. A Festus, munthu wolephera kupalira mzere umodzi osapuma, pa mwanayu analibe ulesi. Ankamuchapira yunifomu okha pamjigo, pakati pa ife amayi, osachita manyazi. Nthawi ya mvula ankamuwolotsa mtsinje pamsana popita kusukulu, masana n'kukamudikira pomwepo. Mwanayo anali ndi chifuwa chovuta nthawi yozizira, ndipo bambo ake ankadziwa kusiyanitsa kutsokomola kwake pakati pa ana makumi anayi. Ife tinkati mkamwini wasanduka mlezi, ndipo tinkanena zimenezi amuna athu ali ku bawo.

Rebeka anamwalira chaka chatha, chimanga chili m'mikukwe. Anabisa matenda mpaka anamugwetsa, ndipo kuchipatala anangogonako masiku anayi. Luckness anali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Maliro atatha, mwezi utapita, inafika nthawi yosudzula. Mkazi akamwalira, abale ake amakhala pansi ndi ankhoswe kuti amasule mwamunayo. Mwambowu uli ndi makomo awiri. Abale angathe kunena kuti pitani kwanu, mwamasuka. Angathenso kunena kuti khalani, lerani ana, nyumbayi ndi yanu. Pamudzi pano tasungapo akamwini ambiri, ngakhale wina amene ankagona m'ngalande masiku a msika. Koma mwana ndi wa mbumba ya mayi ake, sapita ndi bambo. A Festus akanauzidwa kuti apite, akanapita okha.

Tinakumana m'mawa pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa nyumba ya malemu. A Festus anavala jekete yobwereka, manja ake ofika m'zala. Munthu amene ankayankhulira chombo chathunthu, kapitawo, wophika ndi mbava khumi ndi ziwiri, tsiku limenelo mawu anamuthawa. Ankhoswe awo atatha kuzungulira, iwo anangonena pang'ono.

"Sindikupempha munda, alamu. Ndikungopempha kuti mwana akamaweruka kusukulu azindipeza."

A Yeremiya anayankha mofatsa, ngati munthu amene akutsegula pemphero. Anati iwo paokha alibe mawu, mutu umodzi susenza denga, mawu ali ndi mbumba. Kenaka anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi.

"Alipo amene anganene kuti mkamwini uyu wakhala nafe bwino? Aime, tamumve."

Tinalipo anthu oposa makumi awiri, ndipo aliyense anali atasekapo m'chigafa muja mpaka misozi. Koma pansi pa mango paja aliyense anakumbukira Loweruka lake. Wa nkhuku anakumbukira nkhuku. Wa feteleza anakumbukira chiswe. Ine ndinakumbukira thobwa. Sindinakumbukire tsiku limene a Festus ananyamula mwana wanga woyamba panjinga, mvula ikugwa, kuthamangira naye kuchipatala atakomoka ndi malungo. Limenelo ndinalikumbukira mawa lake. A Festus anandiyang'ana ine makamaka, poti mlamu ndi munthu wako wosereulana naye, ndipo ine ndinapeza kuti chala changa chakuphazi chinali ndi zambiri zofunika kuziona. Manyazi a tsiku limenelo ndili nawo mpaka lero.

Chigamulo chinali chaulemu kwambiri, monga zimakhalira zigamulo zonse zankhanza. A Festus anathokozedwa chifukwa chosunga mlongo wathu. Anauzidwa kuti amasuka, apite kwawo ndi mtendere, akafuna kukwatira akwatire. Mwana akamufuna azidzera kwa malume ake. Kanema, sola, batire ndi kachimkuzamawu zinatsala, poti ndi chuma cha mwana wamasiye, ndipo a Yeremiya anadzipereka kuzisunga. Luckness anasamukira kunyumba kwa malume akewo, a Yeremiya, tsiku lomwelo. Anaperekeza bambo ake mpaka pamtsinje, n'kubwerako yekha.

A Festus anabwera kawiri kudzaona mwana. Ulendo wake ndi wokwera ndi kutsika mapiri kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa pamutu. Maulendo onse awiri anapeza malume ali ku msonkhano wa mpingo, ndipo akazi a malume anati iwo sangathe kutulutsa mwana popanda mawu a eni mbumba. A Festus anakhala pakhonde, anamwa madzi, anabwerera. Mwanayo anayamba chizolowezi choima pamtsinje akaweruka, mpaka wina amuitane.

Chigafa sichikanangokhala, poti chuma cha mwana wamasiye chiyenera kugwira ntchito. A Yeremiya anakhala okha pampando uja n'kunyamula kachimkuzamawu. Anamasulira mokhulupirika zonse zimene maso athu ankaona kale. Akuthamanga. Wagwa. Wadzuka. Akuthamanganso. Pomaliza ankatseka ndi chiphunzitso cha lamulo loletsa kuba. Loweruka loyamba anthu anapirira chifukwa cha ulemu. Lachiwiri anabwera ana okha. Lachitatu ngakhale ana anasankha kukasaka mbewa. Apa m'pamene tinazindikira kuti zaka zonsezi tinkaonera azungu onyowa akukalipirana, ndipo filimu yeniyeni inapita ku Ntchisi pa njinga.

Amene anapita kwa a Yeremiya kukanena kuti a Festus aitanidwe ndine. Ndikanakonda kunena kuti chinandituma ndi chifundo, koma thobwa linali litasasa m'ndowa masabata atatu otsatizana. Chifundo chinabwera pambuyo, nditafika kale pakhomo. A Yeremiya anavomera, n'kuika malamulo awo: a Festus azifika Loweruka masana, azilowa m'chigafa, kunyumba za anthu asapite poti anasudzulidwa, ndipo dzuwa lisanafike paphiri azikhala atanyamuka. Ndinkaganiza kuti munthu wamtima wake akana. Uthenga unabwera tsiku lomwelo kuti abwera.

Loweruka limenelo chigafa chinadzaza mpaka ena anang'amba matumba kuti azisuzumira. Kunabwera ndi a midzi ya kutsidya omwe. Tisanamizane, palibe amene anabwera kudzaona chombo. Tinabwera kudzamva kapitawo akusendedwa. Munthu wolandidwa nyumba, mwana ndi kanema, n'kumupatsanso chimkuzamawu m'manja, tinkadziwa kuti a Yeremiya atuluka opanda khungu. Aliyense ankayembekeza kuti mkwiyo wonse uthera pa iwo, ife ena tipulumuke.

A Festus analowa ataonda, fumbi mpaka m'nsidze. Anapereka moni kwa akuluakulu mwaulemu n'kukhala pampando wawo. Luckness anali pamkeka kutsogolo pamodzi ndi ana anzake, pafupi ndi mapazi a malume ake. Anali atauzidwa kuti bambo ake abwerera ntchito, asawasokoneze.

Kapitawo anatulukira pakanema, kukamwa kuli yasa, ndevu zikunjenjemera. A Yeremiya anawongola msana. A Festus anakweza kachimkuzamawu n'kunena kuti kokani chingwe, mphepo yasintha. Wophika atatsamira pa mphika wake, ine mtima uli m'mwamba, anangoti ndiwo zapsa. Mbava yopusa inagwera m'madzi popanda dzina la munthu. Anthu anayamba kung'ung'udza kuti mkamwini waphwa, Ntchisi yamudya nzeru, tavutikiranji kubwera.

Chakumapeto kwa filimuyo pali malo amene chombo chatsala pang'ono kunyamuka. Kamtsikana kaja katsala pamtunda, ndipo mmodzi wa mbavazo, wachikulire, amagwada n'kukagwira mapewa, n'kukayankhula kwa kanthawi. Kale a Festus ankagwiritsa ntchito malo amenewa kunyoza amuna opepesa akazi awo atamwera ndalama za fodya. Tsiku limeneli mzunguyo atagwada, mawu a a Festus anatsika.

"Iwe mwana, juzi ija uzivala m'mamawa, chifuwa chako ukuchidziwa. Masamu akakuvuta usabise kope, upite kwa aphunzitsi. Amalume ako uziwamvera, ndi anthu ako amenewo."

Mzunguyo anadzuka n'kutembenuka kuti azipita, koma a Festus anali asanathe. Anatambasula dzanja n'kubweza filimu m'mbuyo, chinthu chimene sanachitepo zaka zonsezo. Mzunguyo anagwadanso.

"Ukadwala uzinena, usamangogona chete ngati mayi ako. Nsapato zikathina usapirire, uuze amayi aakulu a thobwa, adzandiuza."

Amayi aakulu a thobwa ndinali ine. Ulendo uno palibe amene anatembenukira kukhomo. Ndinamva misozi ikutsika, ndipo sindinkadziwa kuti ndiike kuti nkhope yanga.

Mzunguyo anadzukanso, a Festus anamubwezanso kachitatu. Anthu amene timakuwa batire ikangotsokomola tinakhala chete ngati tili pa mgonero.

"Ndipo usamaime pamtsinje kudikira, mwanawe. Ndizibwera Loweruka."

Luckness sanatembenuke kuyang'ana bambo ake, poti lamulo ankalidziwa. Anayankha maso ali pa mzungu wogwadayo.

"Ndamva, ababa."

A Festus anatsitsa kachimkuzamawu n'kukaika pamiyendo. Chombo chinanyamuka, mbava zinaimba nyimbo yawo m'chiyankhulo chimene palibe wa ife amachimva, ndipo panalibe wotimasulira. Tinakhala pamenepo anthu akuluakulu, a chigwirizano ndi a mgonero, aliyense akuopa kukhala woyamba kuyang'ana mnzake. Dzuwa linali lisanafike paphiri pamene a Festus anakankha njinga yawo, monga tinawalamulira.